Galimoto ya ku Thambani ndi Mafunso Amene Sanafe

M'mwezi wa Meyi 1983, m'mphepete mwa msewu wafumbi wopita ku Thambani m'boma la Mwanza, munapezeka galimoto ya mtundu wa Peugeot 604 itagwera kumunsi kwa chigwembe. Pamalopo panali mitembo ya amuna anayi odziwika m'dziko lonse: a Dick Matenje, mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress Party, a Aaron Gadama, nduna ya chigawo chapakati, a Twaibu Sangala, nduna ya zaumoyo, ndi a David Chiwanga, phungu wa Nyumba ya Malamulo wochokera ku Chikwawa. Boma linanena kuti anayiwa anafa pa ngozi ya pamsewu pamene ankathawira kunja kwa dziko. Thambani ali pafupi ndi malire a Mozambique, choncho nkhaniyo inkamveka ngati yolongosoka kwa aliyense wosafuna kuganiza kawiri.

Anthu ambiri sanakhulupirire, koma palibe amene akanatsutsa poyera. Masiku amenewo munthu ankayamba wacheuka asanatchule dzina la nduna, ngakhale ali m'nyumba mwake. Mafunso anangokhala a m'manong'onong'o kwa zaka 11.

N'chifukwa chiyani wofuna kubisa imfa amasankha galimoto? Chifukwa msewu umapha anthu tsiku ndi tsiku, ndipo tonse tinazolowera. Tikamva kuti wina wamwalira pa ngozi timagwira pakamwa, timapepesa, sitifunsa zambiri. Mabala a m'mutu ali ndi chifukwa chake, magazi ali ndi chifukwa chake, ndipo wolakwa ndi chitsulo chimene sichingaimirire m'khoti. Komabe pali chinthu chimodzi chimene opanga ngozi yabodza amachiiwala. Ngozi yeniyeni imasiya mbiri yake pa zinthu zitatu, pamsewu, pagalimoto ndi pathupi la womwalirayo, ndipo zitatuzi zimayenera kugwirizana.

Tiyambe ndi msewu. Dalaivala akaona kuti zinthu zavuta amaponda mabuleki kapena kukhotetsa chiwongolero mwadzidzidzi, ndipo matayala amasiya mizere paphula kapena migula pafumbi. Wapolisi wodziwa ntchito amayeza kutalika kwa mizereyo ndi kuwerengera liwiro limene galimoto inali nalo. Amayang'ana pamene magalasi anayamba kumwazikira, udzu umene wagona, makungwa amene asupuka pamtengo. Galimoto yothamanga imachoka pamsewu mouluka ndi kukagwera patali. Yongokankhidwa ndi manja imatsetsereka pafupi, ndipo m'mbuyo mwake mumakhala mapazi a anthu m'malo mwa mizere ya mabuleki.

Galimoto nayo imalankhula. Inali mu giya yanji? Makiyi anali otembenuzidwa? Ngati ngozi inachitika usiku, kodi nyali zinali zoyaka? Funso lomalizali lili ndi yankho lodabwitsa. M'mababu akale muli kawaya kopyapyala kamene kamafewa kakatentha. Galimoto ikawomba chinthu nyali zikuyaka, kawayako kamatamuka ndi kupindika. Ikawomba nyali zili zozima, kamaduka kapena kukhala momwe kanalili. Choncho babu limodzi lingathe kutsutsa lipoti lathunthu. Ndiponso kuphwanyika kwa galimoto kuyenera kulingana ndi kuvulala kwa anthu. Ngati chitsulo changotiwizika pang'ono koma onse okwera afa, wofufuza woona mtima sasainira pepala msanga.

Koma mboni yaikulu ndi thupi. Pa ngozi aliyense amavulala molingana ndi pamene anakhala. Woyendetsa amamenyetsa chifuwa pachiwongolero, wa pambali pake amagunditsa mawondo kutsogolo ndi kuchekedwa nkhope ndi magalasi, womanga lamba amakhala ndi mzere wodutsa paphewa ndi pamimba, a kumbuyo amaponyedwa uku ndi uku. Anthu anayi okhala m'mipando inayi sangavulale mofanana, pamalo amodzimodzi. Dokotala wopima mitembo amadziwanso kusiyanitsa bala limene munthu analandira ali moyo ndi limene linabwera atafa kale, chifukwa loyambalo limatupa ndi kukha magazi pamene mtima ukugunda, lachiwirilo ayi. Munthu akafa magazi amatsikira mbali imene wagonera ndi kudetsa khungu pamenepo. Mtembo ukapezeka utakhala pampando koma khungu lada kumsana konse, ndiye kuti unagona kwina usanaikidwe m'galimoto. Ngakhale chigaza chimasunga maonekedwe a chimene chinachimenya: nyundo imasiya dzenje lozungulira lofanana ndi mutu wake.

Kumudzi kwathu tili ndi anthu amene amaona zonsezi popanda sukulu ya udokotala. Amene amasambitsa maliro amavula womwalirayo zovala, amamutembenuza, amamupukuta kumutu mpaka kumapazi. Ataona chachilendo amaitana mwini mbumba pambali ndi kumunong'oneza. Pambuyo pake anthu amafola kukaona nkhope bokosi lisanakhomedwe. Mwambo umenewu ndi ulemu kwa malemu, komanso ndi kafukufuku woyamba wa banja. Ndiye taganizirani zimene zinachitika mu 1983. Maliro a atsogoleri anayi aja sanapatsidwe ulemu wa boma. Anachitika mofulumira, apolisi ali pomwepo, abale osapatsidwa mpata wolira ndi kutsanzikana ndi okondedwa awo monga mwa mwambo. Ine ndimaona kuti pamenepa m'pamene bodza linadziulula. Anthu ofa pa ngozi wamba saikidwa m'manda ngati katundu wakuba.

Malamulo a dziko lino ali ndi njira yofufuzira imfa yadzidzidzi kapena yokayikitsa. Pansi pa lamulo la Inquests Act, majisitireti amamva umboni wa apolisi, dokotala ndi mboni zina, kenako amanena kuti womwalirayo ndani, anafa liti, kuti, ndiponso motani. Njirayi ndi yabwino, koma imadalira kuti ofufuza asakhale ndi mbali. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ku Thambani, anthu amene ankayenera kuyeza msewu ndi kulemba lipoti anali a nthambi yomweyo imene inagwira anayiwo.

Zinthu zinasintha pambuyo pa chisankho cha 1994. Pulezidenti Bakili Muluzi anakhazikitsa komiti yofufuza nkhaniyi motsogozedwa ndi woweruza milandu, Justice Mtegha, ndipo lipoti lake linatuluka mu Januwale 1995. Anthu amene anakhala chete kwa zaka zambiri, kuphatikizapo apolisi, analankhula. Komitiyo inapeza kuti anayiwa anagwidwa ndi apolisi ku Zomba pa 17 Meyi 1983 atachoka ku Nyumba ya Malamulo, anagona kundende ya Mikuyu, ndipo tsiku lotsatira anawatengera ku Blantyre, kenako ku Mwanza. Usiku wa pa 18 Meyi anawapha powamenya m'mutu, ndipo galimoto inakankhidwira kuchigwembe kuti zioneke ngati ngozi. Zimene amayi ankanong'onezana pamtondo zinakhala zolembedwa m'buku la boma.

Pambuyo pake panabwera mlandu. Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anali pulezidenti pa nthawi ya imfazo, a John Tembo ndi anthu ena anaimbidwa mlandu wopangana kupha. Dr Banda, amene anali atakalamba kwambiri, anasungidwa ku Mudi House ku Blantyre ndipo sankabwera m'khoti. Mu Disembala 1995 Khoti Lalikulu linawapeza osalakwa, ndipo mu 1997 khoti la apilo la Supreme linakana apilo ya boma. Ambiri anakhumudwa, ena anasangalala, koma wowerenga azindikire kuti panali mafunso awiri osiyana. Loyamba linali lakuti, kodi inali ngozi? Limeneli linayankhidwa, ndipo palibe amene anaimiriranso kunena kuti galimoto ndiyo inapha. Lachiwiri linali lakuti, analamula ndani? Apa umboni unaperewera. Malamulo otere saperekedwa pa kalata, ndipo anthu awiri amene akanalumikiza apolisi ndi akuluakulu a boma, a Mac Kamwana amene anali mkulu wa apolisi ndi a John Ngwiri amene anali mlembi wamkulu mu ofesi ya pulezidenti ndi nduna, anali atamwalira kale. Zaka 11 zakukhala chete zinadya umboni umene ukanapezeka m'sabata yoyamba.

Nkhani ya ku Thambani ingatikope kuganiza kuti imfa iliyonse ya munthu wotchuka pamsewu ndi chiwembu. Si choncho, ndipo kuganiza motero kumavulaza anthu osalakwa. Chitsanzo chodziwika padziko lonse ndi cha Diana, amene anali mkazi wa Prince Charles wa ku Britain. Anamwalira pa 31 Ogasiti 1997 ku Paris, galimoto ya Mercedes itawomba chipilala mu msewu wapansi wa Pont de l'Alma. Dodi Fayed, amene anakwera naye, ndi dalaivala Henri Paul anafera pomwepo, ndipo mlonda Trevor Rees-Jones yekha ndiye anapulumuka. Ofufuza a ku France anati dalaivala anali ataledzera ndiponso ankathamanga kwambiri. Bambo ake a Dodi, a Mohamed Al-Fayed, anakana zimenezi kwa zaka zambiri, nanena kuti panali chiwembu.

Chofunika kuona ndi zimene zinachitika pambuyo pa kukanako. Apolisi a ku London anatsegula kafukufuku wotchedwa Operation Paget motsogozedwa ndi Lord Stevens, ndipo mu Disembala 2006 anatulutsa lipoti la masamba oposa 800 loyankha madandaulo amenewo limodzi ndi limodzi. Kenako bwalo lofufuza za imfayi linakhala kwa miyezi 6, nkumva mboni zoposa 200 poyera, maloya a banja akuzifunsa mafunso. Mu Epulo 2008 linagamula kuti Diana ndi Dodi anaphedwa ndi kuyendetsa kosasamala kwa Henri Paul ndi kwa amene ankawathamangitsa pambuyo, ndipo linatchulanso mowa ndi kusamanga malamba. Panatsala funso la galimoto yoyera ya Fiat Uno imene inakhulana ndi Mercedes ija, koma umboni wa chiwembu sunapezeke. Kufunsa sikunali kulakwa. Mafunso anayankhidwa pamaso pa anthu, ndipo yankho loyamba linaima.

Pakati pa nkhani ziwirizi pali ina yathu yomwe. A Dunduzu Chisiza, mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party ndiponso mmodzi mwa achinyamata anzeru kwambiri a nthawi yomenyera ufulu, anamwalira kumayambiriro kwa Seputembala 1962 ali ndi zaka 32, galimoto yawo itagwa pa mlatho wa Thondwe pa msewu wa Zomba ndi Blantyre. Kafukufuku wa nthawiyo anati inali ngozi. Mphekesera sizinathe mpaka lero, koma palibe umboni umene unatulukapo wogwetsa chigamulocho. Munthu woona mtima ayenera kuima pomwepo, osawonjezera dzina la wina aliyense.

Nanga tingasiyanitse bwanji kufunsa kwanzeru ndi mphekesera? Wofunsa mwanzeru amaloza chinthu chimene chingayezedwe: bala ili silikugwirizana ndi mpando uwu, nthawi iyi ikutsutsana ndi mboni iyi, galimoto inachotsedwa isanajambulidwe. Amakhalanso wokonzeka kuvomera akapatsidwa yankho logwira mtima. Wa mphekesera amayamba ndi dzina la amene akumuganizira, ndipo umboni uliwonse womutsutsa amati nawonso ndi mbali ya chiwembu. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Mbali inayi, pali zizindikiro zosonyeza kuti kafukufuku akubisa kanthu: chigamulo chikalengezedwa thupi lisanapimidwe, banja likakanizidwa kuona malemu kapena lipoti la dokotala, galimoto ikasowa, mboni zikaopsezedwa, kapena wofufuza akakhala yemweyo amene anthu akumukayikira. Ku Paris ndi ku London mapepala anayalidwa poyera. Ku Mwanza mu 1983 ngakhale misozi inali yoletsedwa.

Lero ku Thambani kuli chipilala chokumbukira anayi aja, ndipo palibe munthu amene khoti linamupeza wolakwa pa imfa yawo. Inu amene mukuwerenga, ngozi yokayikitsa ikagwera banja lanu, musadikire kuti maliro athe. Jambulani malowo ndi galimotoyo tsiku lomwelo mvula ndi mapazi a anthu zisanafafanize zizindikiro, lembani mayina a amene anafika poyamba, pemphani kuti dokotala apime thupi musanaike, ndipo funsani lipoti la apolisi ndi la chipatala kuti mulisunge m'manja mwanu.