Ulendo wa Ntchito kwa Munthu Wobaya Jakisoni wa Shuga

Ife alimi sitikhala pakhomo chaka chonse. Tikakolola timanyamula nandolo, soya, thonje ndi fodya kupita nazo kumsika. Kuchokera kuno ku Itepela, m'boma la Ngauma, ena amapita ku Massangulo, ena ku Mandimba, ena mpaka ku Cuamba. Enanso amaoloka malire pa Mandimba n'kulowa ku Chiponde, m'dziko la Malawi, kukagwira ganyu m'minda ya fodya ya ku Namwera. Tonse tikudziwa kuti ulendo wa tsiku limodzi nthawi zina umasanduka wa masiku atatu.

Pakati pathu pali anzathu odwala matenda a shuga amene amadzibaya jakisoni tsiku ndi tsiku. Kodi anzathu amenewa azingotsala pakhomo? Iyayi. Angathe kuyenda ndi kugwira ntchito ngati wina aliyense. Koma ayenera kukonzekera, ndipo ife oyenda nawo tiyenera kudziwa chochita zinthu zikavuta.

Zimene zidatichitikira pa msewu wa ku Cuamba

Chaka china, m'mwezi wa Okutobala, tidanyamuka ndi lole yodzaza nandolo. Tidali ndi bambo wina wa mu kopaletivi yathu amene amalemba buku la sikelo. Bambowa adadzibaya jakisoni m'mamawa, akuganiza kuti akadya pa Mandimba. Kenaka adathandiza kukweza matumba. Popeza tidachedwa kunyamuka, dalaivala sadaime pa Mandimba. Titapitirira pang'ono, tayala lidaphulika.

Tili pamthunzi, tidaona bambo aja akutuluka thukuta, manja akunjenjemera. Tikawafunsa kanthu, amayankha zosamveka.

Mnyamata wina adaseka nati, “Aa, madala awa alawa kachasu m'mawa muno!”

Koma mlongo wawo, amene adali nafe, adakuwa nati, “Si mowa umenewo! Achimwene amabaya jakisoni. Ndani ali ndi shuga wa tiyi? Fulumirani!”

Mayi wina adali ndi kapaketi ka shuga m'thumba. Tidasungunula masupuni atatu m'madzi n'kuwamwetsa. Patapita kanthawi maso awo adatseguka bwino, ndipo adayamba kutizindikira. Tidawapatsa mbatata yophika, iwo n'kudya.

Madzulo tidawafunsa kuti, “Bambo, bwanji simudatiuze?”

Iwo adati, “Ndimaopa kuti mundichotsa pa sikelo.”

Sitidawachotse. Buku la sikelo akulembabe ndi iwo omwe. Koma tsiku limenelo tidaona kuti pakadapanda mlongo wawo, tikadataya munthu tikumuyesa woledzera.

Kodi jakisoni ameneyu amagwira ntchito yanji?

Nsima, mpunga, chinangwa ndi mbatata zikalowa m'mimba zimasanduka shuga. Shugayo amalowa m'magazi. Kuti achoke m'magazi n'kukapatsa thupi mphamvu, pamafunika chinthu chotchedwa insulini. Insulini amapangidwa ndi kapamba, chiwalo chimene chili m'mimba mwathu.

Anthu ena kapamba wawo sapanganso insulini. Amenewa ayenera kubaya tsiku lililonse moyo wawo wonse. Ena amapanga wochepa. Amenewa kawirikawiri amayamba ndi mapiritsi, ndipo ena mwa iwo amadzafika pa jakisoni. Insulini sitingamumwe, chifukwa m'mimba angagayike ngati chakudya. N'chifukwa chake amabayidwa pansi pa khungu.

Mankhwalawa adapezeka m'chaka cha 1921 mu mzinda wa Toronto, ku Canada. Amene adayamba ntchitoyi ndi Frederick Banting ndi Charles Best, ndipo wodwala woyamba adabayidwa mu 1922. Isanafike nthawi imeneyo, ana ogwidwa ndi matendawa sankakhalitsa. Lero amakula, amalima, amakwatira.

Pali mitundu iwiri ya insulini imene timaiona kawirikawiri. Wina ndi woyera ngati madzi. Ameneyu amayamba kugwira ntchito pakatha mphindi 30, choncho chakudya chiyenera kukhala pafupi. Wina amaoneka ngati mkaka. Ameneyu amagwira ntchito pang'onopang'ono kwa maola ambiri, ndipo tisanamukoke timayamba tafikisa kabotolo pakati pa zikhatho kuti asakanikirane. Iliponso mitundu ina. Funsani anamwino dzina la insulini wanu, ndipo mulilembe.

Mafuwa atatu

Mphika umakhala bwino pa mafuwa atatu. Limodzi likasuntha, mphika umapendama. Moyo wa munthu wobaya insulini ulinso pa mafuwa atatu: jakisoni, chakudya ndi ntchito.

Jakisoni amatsitsa shuga m'magazi. Chakudya chimamukweza. Ntchito yolemetsa, monga kulima, kusenza matumba kapena kupalasa njinga, imamutsitsanso. Pakhomo zitatuzi zimayenda m'nthawi yake. Paulendo zimasokonezeka. Munthu wabaya, wagwira ntchito yolemetsa, koma chakudya chachedwa. Pamenepo shuga amatsika kupitirira muyezo. Izi n'zimene zidawachitikira bambo a pa sikelo aja, ndipo ndilo vuto lalikulu limene jakisoni wa insulini amabweretsa.

Shuga akatsika

Zizindikiro zake ndi izi: kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi, mtima kuthamanga, chizungulire, maso kuchita chidima, kupsa mtima popanda chifukwa ndi kuyankhula ngati woledzera. Pomaliza munthu amakomoka. Amene ali ndi kamakina koyezera shuga adziwe kuti nambala yochepera 70 ndi yotsika. Pa makina ena amene amawerenga mosiyana, nambala imeneyi ndi 3.9.

Ngati munthuyo akutha kumeza, tichite izi:

1. Timukhazike pansi pamthunzi.
2. Timumwetse masupuni atatu a tiyi a shuga osungunula m'madzi. Ngati palibe, supuni imodzi yaikulu ya uchi kapena theka la botolo la chakumwa chotsekemera zimathandizanso.
3. Tidikire mphindi 15. Ngati sanasinthe, tibwereze.
4. Akatsitsimuka, adye chakudya chokhalitsa m'mimba monga nsima, mbatata, chinangwa kapena buledi.

Ngati wakomoka, tisamuthire madzi kapena phala m'kamwa, chifukwa angatsamwe. Timugoneke chammbali, tipake uchi kapena shuga wonyowa pang'ono mkati mwa tsaya, ndipo tithamange naye kuchipatala chapafupi. Munthu wokomoka tisamubaye insulini.

Wina angafunse kuti, “Nanga timpatsa bwanji shuga munthu wodwala shuga?” Yankho lake n'lakuti shuga wotsika amapha msanga. Ngati sitikudziwa kuti watsika kapena wakwera, ndipo munthuyo akutha kumeza, timpatse shuga, kenaka tipite naye kuchipatala.

Tidziwenso kuti pambuyo pa tsiku la ntchito yolemetsa shuga angatsike usiku munthu ali m'tulo. Choncho asagone ndi njala. Mowa nawo, makamaka kachasu womwa osadya, umatsitsa shuga usiku. Ndalama za msika zikalowa m'thumba, tikumbukire zimenezi.

Kusiya jakisoni si njira

Ena poopa kukomoka m'njira amasiya jakisoni kunyumba. Amati, “Ndikabaya ndikabwerako.” Kumeneko n'kuthawa mvula n'kugwera mumtsinje. Popanda insulini shuga amakwera. Munthu amamva ludzu kwambiri, amakodza pafupipafupi ndipo amafooka. Zikapitirira amasanza, amamva kupweteka m'mimba ndi kupuma mwamphamvu. Munthu wotere apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kwa amene kapamba wake sapanga insulini, masiku ochepa osabaya angathe kumupha.

Malungo nawo amatipeza paulendo. Tikadwala tisasiye insulini, ngakhale chakudya chisakukoma. Tizimwa madzi, tizidya phala pang'onopang'ono, ndipo tipite kukayezetsa. Tikafika tiwauze achipatala kuti timabaya insulini, chifukwa malungo aakulu ndi mankhwala a kwinini zimatsitsanso shuga.

Kusunga insulini m'nyengo yotentha

Insulini amaopa zinthu ziwiri: dzuwa ndi kuuma ngati ayezi. Kabotolo kosatsegula kamasungidwa mu furiji, pa madigiri 2 mpaka 8. Kabotolo kotsegula kangathe kukhala kunja kwa furiji pafupifupi masabata anayi, ngati kali pamalo ozizira. Tsiku lotsegula tililembe pa kabotolopo.

Ambiri a ife tilibe furiji, koma tisataye mtima. M'chaka cha 2021 bungwe la Médecins Sans Frontières ndi yunivesite ya Geneva adalengeza zotsatira za kafukufuku wawo. Iwo adayeza kutentha kwa m'nyumba za pa msasa wa anthu othawa kwawo wa Dagahaley, ku Kenya, kumene kumakwera masana n'kutsika usiku, pakati pa madigiri 25 ndi 37. Atasunga insulini m'kutentha kotero kwa masabata anayi, adapeza kuti mphamvu yake idalipobe. Izi zikutilimbitsa mtima. Koma sizikutanthauza kuti insulini angapirire dzuwa kapena moto.

Pakhomo, kapena kumene tikugona ku ganyu, tipange furiji ya dothi. Titenge miphika iwiri yadothi, waukulu ndi waung'ono. Waung'ono tiuike mkati mwa waukulu. Pakati pake tithirepo mchenga n'kuunyowetsa. Kabotolo tikaike m'kachitini kotseka, kachitiniko mumphika waung'ono. Pamwamba tivundikire nsalu yonyowa, ndipo miphikayo ikhale pamthunzi popita mphepo. Madzi akamauma amachotsa kutentha, monga momwe mtsuko umaziziritsira madzi akumwa.

M'njira, kachitini kaja tikakulunge m'nsalu yonyowa n'kukaika m'chikwama chimene tanyamula tokha. Tisakaike pamwamba pa katundu wa lole, pafupi ndi injini, kapena pa zenera la chapa. Tikumbukire kuti ku Cuamba kumatentha kuposa ku Lichinga, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Insulini woyera akachita mbuu, kapena wonga mkaka akachita mibulu, ndiye kuti waonongeka. Tisabaye, tikasinthe kuchipatala.

Pobaya pakatupa

Vuto lina la jakisoni ndi la pakhungu. Tikamabaya malo amodzimodzi, pamatuluka chotupa cholimba. Pa chotupa chotero insulini salowa bwino m'magazi. Tizisinthasintha malo: pamimba kutali pang'ono ndi mchombo, pantchafu ndi m'matako. Pobaya lero patalikirane ndi pa dzulo ngati kukula kwa chala chimodzi. Tsiku loyenda mtunda wautali kapena lopalasa njinga ndi bwino kubaya pamimba, chifukwa mwendo umene ukugwira ntchito umalowetsa insulini msanga.

Tisambe m'manja ndi sopo tisanabaye. Singano sitibwerekana, ngakhale ndi mbale wathu, chifukwa imafalitsa kachirombo ka HIV ndi matenda a chiwindi. Singano zakutha tiziike m'botolo lolimba lokhala ndi chitsekero, n'kukapereka kuchipatala. Pamalo pobaya pakafiira, pakatentha kapena pakatuluka mafinya, tikaonetse anamwino.

Tisananyamuke

Sabata imodzi ulendo usanafike, tipite kuchipatala chimene timalandirako mankhwala. Tiwauze kumene tikupita, masiku amene tikakhale ndi ntchito imene tikagwire. Anamwino ndi amene angatiuze ngati muyezo wa insulini uyenera kusintha. Tisasinthe tokha, ndipo tisatengere muyezo wa mnzathu.

M'chikwama mukhale izi:

1. Insulini ndi singano zopitirira masiku a ulendo.
2. Khadi la kuchipatala lolembedwa dzina la insulini ndi muyezo wake. Khadi limeneli limathandiza pa malire ndiponso pa chipatala chachilendo.
3. Kapaketi ka shuga kapena maswiti m'thumba la malaya.
4. Kamba wa m'njira: mbatata, chinangwa, nthochi, mtedza, ndi madzi akumwa.
5. Kapepala kolembedwa m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi kuti, “Ndimabaya insulini. Ndikasokonezeka mundipatse shuga.”

Ngati singano zatha n'kupeza zina kwina, tiyang'ane nambala. Kabotolo kolembedwa 100 kamayenda ndi jakisoni wolembedwa 100. Nambala zikasiyana, muyezo umalakwika.

Ndipo lamulo lalikulu nali: tisabaye insulini wa chakudya tisanaone chakudyacho ndi maso. Chakudya cha “tikadya kutsogolo” sichili m'mimba.

Udindo wa kopaletivi

Titabwerako ku Cuamba tidakhala pansi n'kugwirizana mfundo zitatu. Yoyamba, munthu sachotsedwa pa ntchito chifukwa cha matenda a shuga. Yachiwiri, pa ulendo uliwonse wobaya insulini amauza munthu mmodzi kapena awiri amene amawakhulupirira, ndipo amenewo safalitsa nkhaniyo. Yachitatu, lole ya kopaletivi sinyamuka popanda kapaketi ka shuga ndi madzi, ndipo nthawi ya nkhomaliro ikakwana timaima, ngakhale tachedwa.

Tsopano tikamakweza matumba, bambo a pa sikelo amayamba adya kaye phala lawo. Palibe amene amawaseka. Mnyamata uja adawayesa woledzera ndiye amasunga kapaketi ka shuga.

Mawu oti tilembe

insulini, kapamba, jakisoni, singano, muyezo, chizungulire, kukomoka

Mafunso okambirana

1. Tchulani mafuwa atatu a munthu wobaya insulini.
2. Tchulani zizindikiro zinayi za shuga wotsika.
3. Mnzathu wakomoka m'njira. Tichite chiyani? Nanga tisachite chiyani?
4. Kabotolo ka insulini katsegulidwa pa 3 Juni. Kodi masabata anayi akwana tsiku liti?
5. Pa njira imene timadutsa popita kumsika pali zipatala ziti? Zilembeni motsatana m'kope lanu.