Kusamutsa mafayilo pa madrasa popanda kuwononga bandulo

M'maofesi a madrasa ndi mizikiti yathu tsopano mukupezeka makompyuta awiri kapena atatu. Ina imasunga kaundula wa ophunzira, ina khutba zojambulidwa. Nanga fayilo ichoke bwanji pa kompyuta iyi kupita pa inzake?

M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 anthu ankalumikiza makompyuta awiri ndi chingwe cha serial, chija chokhala ndi timano 9 kapena 25 kumapeto, n'kugwiritsa ntchito pulogalamu ngati LapLink. Liwiro lake nthawi zambiri linkalekezera pa mabiti 115,200 pa sekondi. Khutba ya 50 MB ikanatha ola lathunthu ndi mphindi zingapo ili m'njira, ndipo chingwecho chinkangogwira makompyuta awiri basi.

Netiweki inathetsa mavuto onse awiri. Makompyuta onse amalumikizidwa ku router imodzi, pa Wi-Fi kapena pa chingwe cha Ethernet, ndipo iliyonse imalandira adiresi yake kuti uthenga usasochere. Ethernet wamba amanyamula mabiti 100 miliyoni pa sekondi, choncho khutba ija imafika masekondi 10 asanakwane.

Chimene ambiri sitikuchidziwa n'chakuti zimenezi sizifuna intaneti. Tikatumiza fayilo pa WhatsApp kwa mu'allim amene wakhala tebulo loyandikana nalo, fayiloyo imayamba yapita ku makompyuta akutali kenako n'kubwerera, ndipo bandulo imadyedwa kawiri, kwa wotumiza ndi kwa wolandira. Pa netiweki ya m'nyumba fayilo situluka pakhomo. Nayo fulashi timaikayikira, chifukwa ikayenda m'makompyuta ambiri imatola mavairasi.

Pa Windows, dinani batani lakumanja la mausi pa foda, sankhani Properties, kenako Sharing, ndipo tchulani amene aloledwe kuitsegula. Pa kompyuta inayo fodayo ioneka pansi pa Network.

Apa ndiye pofunika kusamala. Mayina a ana amasiye ndi mabanja olandira zakaat ndi amaanah m'manja mwathu. Tikatsegula kompyuta yonse kwa aliyense, mwana wongopempha pasiwedi ya Wi-Fi akhoza kuwerenga za umphawi wa mnansi wake. Tsono tipange foda imodzi yokha yogawana, titseke ndi pasiwedi, ndipo kaundula wa zakaat asalowemo.