Kagalu sitiphunzitsa ndi ndodo kapena ludzu

Alimi anzanga, sabata ino tiyeni tisiye kaye za feteleza ndi mbewu, tikambirane za chiweto chimene ambiri sitichiwerengera, chonsecho ndicho chimatilondera nkhokwe, khola la mbuzi ndi la nkhuku usiku wonse. Ndikunena galu.

Kuno ku Nsipe, m'boma la Ntcheu, munthu akapatsidwa kagalu amayamba wakagoneka m'khitchini kapena pakhonde, kuopa afisi ndiponso kuzizira kwa Juni ndi Julayi. Kukacha amapeza mikodzo ndi chimbudzi pafupi ndi mafuwa. Pamenepo ena amatenga ndodo, ena amakakhudzitsa mphuno pa zonyansazo, pamene ena amangokamana madzi kuyambira masana kuti kasakodze usiku. Njira zonsezi ine ndimazikana. Kagalu kamaphunzira ndi nthawi: nthawi ya kudya, nthawi ya kumwa ndi nthawi ya kutuluka panja.

Chifukwa chake kamaononga m'nyumba

Kagalu sikachita zimenezi mwamwano ayi. Chikhodzodzo chake ndi chaching'ono ndipo sikanayambe kuchilamulira bwino, monga momwe alili mwana wakhanda. Odziwa za agalu amawerengera motere: tengani miyezi ya kagalu, onjezerani 1, ndipo mwapeza maola amene kangathe kupirira osakodza. Ka miyezi 2 kapirira maola atatu, ka miyezi 3 maola anayi. Kakagona tulo kamapirira kuposerapo pang'ono. Tsono ngati mwakatsekera 8 koloko usiku n'kudzatsegula 5 koloko m'mawa, amenewo ndi maola 9. Kagalu ka miyezi iwiri sikangakwanitse, ngakhale mutakamenya tsiku ndi tsiku.

Chinanso, galu sagwirizanitsa chilango cha m'mawa ndi zimene wachita pakati pa usiku. Chimene amaphunzirapo ndi kuopa mwini wake basi. Mapeto ake amakabisala kuseri kwa thumba la chimanga pofuna kudzithandiza, ndipo akakula amakhala galu wamantha. Galu wamantha salondera bwino, komanso sachedwa kuluma ana.

Malo ogona ndi malo odzithandizira

Musatenge kagalu kwa make kasanakwane masabata 8. Mukabwera nako, kakonzereni malo aang'ono ogona, monga dengu lalikulu kapena katoni yokhala ndi chiguduli, pakona imene mwaitchinga. Mwachibadwa galu sakonda kuononga pamene amagona. Malo akakhala aang'ono, kamalira pofuna kutuluka, ndipo kulira kumeneko ndiye belu lanu. Mukakasiya kuti kaziyendayenda m'khitchini monse, kamagona uku n'kumadzithandiza uko.

Kenaka sankhani malo amodzi panja, kutali ndi chitsime, ndi pamene mumalima ndiwo zamasamba, ndi pamene ana amasewera, ndi pamene mumamangirira mbuzi. Nthawi zonse muzikapititsa pomwepo. Katulutseni kakangodzuka, kakatha kudya, kakatha kusewera, ndiponso inu musanakagone. Masana muzikatulutsa pakapita maola awiri alionse. Mukaona kakununkhiza pansi ndi kuzungulirazungulira, kanyamuleni msanga. Kakadzithandiza pamalo oyenera kasisiteni ndi kukayamikira nthawi yomweyo, kapena kapatseni kausipa kamodzi. Paja m'mera mpoyamba.

Kakaononga m'nyumba musakalipe. Ngati pansi ndi pozira, palani dothi lonyowalo, thirani phulusa, muzirenso. Ngati ndi pa simenti, tsukani ndi sopo kufikira fungo litatha. Mphuno ya galu imamva fungo limene ife sitilimva, ndipo fungo la mkodzo ndilo limakaitana kuti kabwererenso pomwepo.

Nanga madzi usiku?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Galu wamkulu amamwa mamililita pafupifupi 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku, ndipo kagalu kamafuna ochulukirapo poyerekeza ndi msinkhu wake. Kagalu kolemera makilogalamu 3 kangathe kumaliza madzi odzaza botolo la Fanta la mamililita 300 pa tsiku, makamaka kukatentha. Thupi lake ndi laling'ono, choncho madzi amatha msanga m'thupimo. Kumana kagalu madzi tsiku lonse ndi kuika moyo wake pachiswe. Komanso kagalu kozolowera ludzu kakaona madzi kamamwa mopitirira muyeso, kenaka n'kukodza kwambiri, ndiye kuti vuto lija mwalikuza nokha.

Ine ndimalangiza motere. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mbale ya madzi aukhondo izikhala pamthunzi nthawi zonse, ndipo muziitsuka tsiku lililonse. Chakudya muzikapatsa katatu kapena kanayi pa tsiku, pa nthawi zosasinthasintha, ndipo chomaliza chikhale cha m'ma 5 koloko madzulo, nkhuku zisanalowe m'khola. Musadikire makombo a nsima ya usiku. Ndiwo zathu zimakhala ndi mchere wambiri umene umadzetsa ludzu, komanso anyezi ndi woopsa ku magazi a galu. Phala la mgaiwa losakaniza ndi usipa wosinja kapena dzira lophika, lopanda mchere, ndi labwino koposa.

Kukatsala maola awiri kuti mukagone, chotsani mbale ya madzi. Ngati pakhomo panu mumagona 9 koloko, mbale ichoke 7 koloko. Musanatseke chitseko, katulutseni komaliza. Pa masabata oyamba muzidzuka kamodzi kapena kawiri pakati pa usiku, kanyamuleni, kapititseni pamalo paja, kabwezeni osasewera nako. M'mawa katulutseni kaye, kenaka madzi abwerere pomwepo. Tiagalu tambiri tikafika miyezi 4 kapena 5 timagona usiku wonse osavuta. Kudzuka kwa masabata ochepa amenewa ndiwo mtengo wa galu wabwino amene adzakulonderani zaka zambiri.

Nthawi imene simuyenera kuchotsa madzi

Lamulo la maola awiri lili ndi malire ake. Kagalu kosakwana masabata 12 musakachotsere madzi konse. Ikani ochepa m'kambale ndipo muzidzuka kukatulutsa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kuno kumatentha mvula isanagwe, madzi akhalepo usiku wonse, makamaka m'nyumba ya malata. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife. Amadziziziritsa potulutsa lilime ndi kupuma mwawefuwefu, ndipo potero amataya madzi ambiri.

Kagalu kakamatsegula m'mimba kapena kusanza, madzi asachoke ngakhale pang'ono. Tsinani khungu la pamsana pafupi ndi khosi, mulikweze, mulisiye. Likabwerera msanga zili bwino. Likachedwa kubwerera, ndipo nkhama zili zouma, kagalu katha madzi m'thupi. Chimbudzi chamagazi chonunkha kwambiri pamodzi ndi kusanza kawirikawiri chimasonyeza matenda otchedwa parvo, amene amapha tiagalu m'masiku ochepa. Thamangani kwa alangizi a ziweto. Chimodzimodzinso ngati kakukodza pang'onopang'ono pafupipafupi, kapena kakumwa madzi mosalekeza. Amenewo ndi matenda, si mwano.

Phindu lake kwa mlimi

Wina anganene kuti zonsezi ndi za agalu a m'tauni. Ayi ndithu. Tiagalu tambiri timabadwa kale ndi njoka za m'mimba zochokera kwa make. Mazira a njokazi amatuluka ndi chimbudzi, ndipo akakhala m'dothi masabata awiri kapena kuposerapo amakhwima. Mwana wokwawa pabwalo akadya dothi limenelo angathe kudwala, mwinanso kuonongeka diso. Galu akazolowera malo amodzi, ndi chapafupi kuwola chimbudzicho ndi khasu tsiku ndi tsiku n'kukataya m'chimbudzi chokumba mazira aja asanakhwime. Chimbudzi cha galu musachiphatikize ndi manyowa a kudimba.

Mbuzi nazonso zili pangozi. Pali njoka ina ya m'mimba mwa galu yotchedwa Taenia multiceps. Mbuzi kapena nkhosa ikadya udzu wokhala ndi mazira ake, mu ubongo kapena mu mnofu mumamera chotupa chamadzi. Chikakhala mu ubongo, chiweto chimayamba kuzungulira malo amodzi, kuyenda mwadzandidzandi, mpaka kufa. Galu naye amaitenga njokayo akadya mutu wosaphika wa chiweto chodwalacho. Choncho musapatse galu mutu kapena zam'kati zosaphika, ndipo asamadzithandize pamene mbuzi zimadya. Mbuzi imodzi ikafa motere, mwataya ndalama ya feteleza kapena fizi ya mwana.

Mankhwala a njoka za m'mimba amaperekedwa pa masabata awiri alionse kufikira kagalu katakwana masabata 12, kenaka mwezi ndi mwezi kufikira miyezi 6. Funsani alangizi a ziweto ku ofesi ya zaulimi ya Nsipe kapena ku boma ku Ntcheu kuti akuuzeni mtundu ndi muyeso wake, pakuti muyeso umatsata kulemera kwa galu.

Kakakwana miyezi 3 kabayitseni katemera wa chiwewe, ndipo muzibwereza chaka ndi chaka. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu. Tsiku la 28 Sepitembala chaka chilichonse ndi lokumbutsana za matendawa. Galu amene anazolowera kugwiridwa ndi kunyamulidwa ali wamng'ono savuta kupita naye ku katemera. Amene anakula ndi ndodo amathawira kutchire tsiku lobaya.

Mawu otsiriza

Gwirizanani pakhomo, bambo, mayi ndi ana, kuti nonse muzitsata nthawi imodzi. Wina akamachotsa madzi, wina n'kumabwezera, wina akamayamikira, wina n'kumamenya, kagalu kamasokonezeka. Madzi tsiku lonse, chakudya chomaliza dzuwa lisanalowe, mbale ichoke maola awiri musanagone pokhapokha ngati kagalu kali bwino ndipo kunja sikukutentha, ndipo malo odzithandizira akhale amodzi. Mukatero kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndodo ija mudzaisungira njoka.