Thabwa la Mlombwa Silifuna Liwiro

Ena amene amakonda kupala matabwa akaweruka ku nchito saguliranso mlombwa pa msika, amadzicekera okha. Asanagwetse mtengo ayenera kutenga cilolezo ku Dipatimenti ya za Nkhalango, monga mwa lamulo la 2015.

Kuceka kweniko sikudetsa nkhawa: mmodzi pamwamba pa cipika, mnzace m'dzenje, utuci ulikumgwera m'maso. Cobvuta ndico kudikira. Amisiri akale amawerengera caka cathunthu pa inci imodzi ya kucindikala kwa thabwa. Aliunjika pa mthunzi, timitengo pakati kuti mphepo ipite, nsonga atapaka penti kuti zisang'ambike. Wopupuluma akhoma thebulo ndi thabwa laliwisi mu Julayi. Pofika Okutobala polumikiza paja payasama, mbale ya ndiwo siikhazikikanso.