Mkonzi wa Nkhani Zopeka ndi Ntchito Yake

Mkonzi wa nkhani zopeka ndi munthu amene amalandira zimene mlembi walemba, n'kuziwerenga mwachifatse, kenako n'kugwirizana ndi mlembiyo pa zofunika kusintha buku lisanasindikizidwe. Ntchitoyi imayamba ndi kuona nkhani yonse: ngati tsatanetsatane wake akuyenda bwino, ngati ampangankhani akuchita zinthu zomveka, ndiponso ngati mathero akuchokeradi m'zimene zachitika. Zikatero mkonzi amabwerera poyamba n'kuyenda chiganizo ndi chiganizo. Kukonza kalembedwe ka mawu ndi zizindikiro kumabwera komalizira. M'makampani akuluakulu a ku London kapena New York gawo lililonse limakhala ndi mwini wake. Ku Malawi munthu mmodzi amasenza zonse, ndipo nthawi zambiri amakhala mphunzitsi kapena mtolankhani wogwira ntchitoyi mwaganyu, popeza makampani osindikiza amadalira kwambiri mabuku a kusukulu. Wokonza Chichewa amayeneranso kudziwa malamulo a kalembedwe amene anayalidwa ndi Chichewa Board, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo ntchito yake inapitirizidwa ndi Centre for Language Studies ku Zomba kuyambira 1996.

Kukonza zilembo n'kosavuta kuphunzira. Chimene chimasiyanitsa mkonzi waluso ndi wongoyamba kumene ndi kudziwa muyeso wa kafotokozedwe ka malo, anthu ndi zinthu. Tinene kuti mlembi akufuna kuonetsa kuti banja lina lalowa pansi chimwalirireni bambo. Mlembi wosazolowera amadzaza tsamba lonse: denga lodontha, mipando yothyoka, ana ausiwa, mbale zakutha, bwalo losasesa. Zonsezi n'zoona, koma owerenga akafika pakati amayamba kulumpha mizere. Mkonzi amafunafuna chinthu chimodzi chimene chingasenze nkhani yonseyo, mwina khola lopanda mbuzi pamene zingwe zake zikadali pazikhomo, ndipo amapempha mlembi kuti asiye chimenecho, zinazo achotse. Ntchito imeneyi ili ngati kupatulira chimanga: mbewu zozulidwazo sizoipa, zangochulukana paphando limodzi.

Posankha chotsala, mkonzi amafunsa kuti zinthuzo akuziona ndani. Mwana wobadwira ku Ndirande sangaime n'kumadabwa ndi phokoso la pamsika, koma agogo ake ochokera kumudzi angadabwe nalo. Amaonanso nthawi yake. Anthu awiri akagwirana pakhosi, owerenga safuna kumva za mtundu wa makatani. Palinso zinthu zimene zikatchulidwa zimakhala lonjezo. Mlembi wa ku Russia, Anton Chekhov, ankalangiza kuti mfuti yoonetsedwa koyambirira kwa sewero iyenera kudzawombedwa m'tsogolo, apo ayi isaonetsedwe n'komwe.

Anthu ambiri amaganiza kuti mkonzi amangodula. Mbiri ya Maxwell Perkins, wa ku kampani ya Charles Scribner's Sons ku New York, imaonetsa kuti ntchitoyi ili ndi mbali ziwiri. Thomas Wolfe atamubweretsera zolemba zazitali kwambiri, Perkins anamutsogolera kuchotsamo masamba ochuluka, ndipo zotsalazo zinatuluka mu 1929 ndi mutu wakuti Look Homeward, Angel. Koma zaka zisanu m'mbuyo mwake, mu 1924, Perkins yemweyo atawerenga zolemba za F. Scott Fitzgerald anadandaula zosiyana. Anati Gatsby, mwininkhani, sankaoneka bwinobwino m'maso mwa owerenga, ndipo gwero la chuma chake linali lobisika mopitirira. Fitzgerald anamvera, nawonjezera, ndipo The Great Gatsby linasindikizidwa mu 1925. Mkonzi mmodzi anauza wina kuti achepetse, wina kuti awonjezere, chifukwa muyeso umachokera m'buku limene lili patebulo tsiku limenelo.

Mphamvu imeneyi ili ndi malire, ndipo akonzi ena anawadumpha. Gordon Lish anadula zoposa theka la nkhani zazifupi za Raymond Carver, nasintha mitu ndi mathero ena. Carver analemba kalata yochonderera kuti buku la nkhanizo lisatuluke motero, koma linatuluka ndithu mu 1981 ndipo linamutchukitsa. Nkhanizo monga momwe iye anazilembera zinadzasindikizidwa mu 2009, mwiniwake atamwalira kale, m'buku lotchedwa Beginners. Mpaka lero akatswiri amatsutsana kuti labwino ndi liti. Ngakhale zotsatira zake zitakoma chotani, mkonzi wosintha mathero mwiniwake akukana wasiya ntchito yake n'kulowa m'munda wa wina.

Wokonza nkhani za m'Chichewa amakumana ndi funso lina: bukuli akulembera yani? Nthondo, buku la Samuel Josiah Nthara la mu 1933, linamasuliridwa m'Chingerezi ndi T. Cullen Young n'kutuluka mu 1934 ndi mutu wakuti Man of Africa. Nkhani imodzi inafika kwa owerenga a mitundu iwiri, ndipo zimene wa ku London amafuna kulongosoleredwa, wa ku Dedza anazidziwa ali kumsana kwa amake. Alembi ena amaiwala zimenezi. Amalemba m'Chichewa koma n'kumatanthauzira chikamwini, kudambwe kapena kaphikidwe ka nsima ngati akulankhula ndi mlendo wa kunja. Apa mkonzi amadula mopanda chisoni.

Vuto losiyana nalo limachokera ku nthano zapakamwa. Wokamba nthano madzulo sataya nthawi ndi kufotokoza nkhope ya kalulu, pakuti amasintha mawu, amagwiritsa ntchito manja, amayambitsa nyimbo, ndipo omvera amavomera. Papepala zonsezi kulibe. Mlembi wotengera njira imeneyi amathamangitsa zochitika, ampangankhani n'kukhala mayina okhaokha opanda thupi. Woteroyo mkonzi amamupempha kuti aime pang'ono, aonetse munthuyo. Chichewa chili ndi chida chabwino pa ntchitoyi, chomwe ndi mvekero. Kunena kuti m'mudzi munali zii, kapena kuti mwana anali mbuu ndi fumbi, kumakwanitsa ndi mawu amodzi zimene zikanatenga ziganizo zingapo. Komabe mivekero ikachuluka pa tsamba limodzi imagonthetsa, ndipo nayonso imafuna muyeso.

Mkonzi wozolowera amadziwa zimene mlembi amawerenga akangomaliza masamba ochepa oyamba. Wowerenga nyuzipepala zokha amalemba nkhani yopeka ngati lipoti, kutchula tsiku, malo ndi zaka za munthu aliyense. Woonera mafilimu kwambiri amalondola mpangankhani phazi ndi phazi: anadzuka, anatsegula chitseko, anatuluka, anatseka chitseko. Wokonda mabuku akale a Chingerezi amayamba mutu uliwonse ndi ndime yonse ya mitambo ndi mphepo. Amene anawerenga mabuku a mayeso okha amaima pakati pa nkhani n'kuyamba kulalikira phunziro lake. N'chifukwa chake uphungu woyamba wa akonzi ambiri sukhudza zolembazo ayi, koma mabuku oti mlembi akawerenge. Amalangiza kuwerenga buku labwino kawiri, koyamba pofuna kusangalala, kachiwiri ndi pensulo m'manja, kuona pamene wolembayo anachedwa ndi pamene anadutsa msanga. Amalangizanso kuwerenga m'chinenero chimene munthu akulembamo, chifukwa wolemba Chichewa amene sanatsegulepo mabuku a John Gwengwe, Willie Zingani kapena Jolly Max Ntaba amabwereka kamangidwe ka ziganizo ku Chingerezi mosadziwa. Alembi amasiyana pa za kuwerenga nthawi imene ali mkati molemba. Ena amapewa poopa kutengera mawu a anzawo, ena amawerenga tsiku ndi tsiku kuti khutu lisagone.

Mkonzi naye luso lake amalipeza m'kuwerenga komweko, ndipo ambiri odziwika anali alembinso. Chinua Achebe anali mlangizi wosankha mabuku a African Writers Series ya Heinemann kuyambira 1962 mpaka 1972. Toni Morrison anagwira ukonzi ku Random House zaka zambiri uku akulemba mabuku ake oyamba. Ku Malawi, gulu la alembi limene linayamba ku Chancellor College mu 1970, momwe munali Jack Mapanje ndi anzake, linkagwira mbali ya ntchitoyi: wolemba ankabweretsa zake, anzake n'kuzisanthula pamaso pake.

Masiku ano alembi ambiri amadzisindikizira okha mabuku. Njirayi yatsegulira khomo anthu amene makampani sakanawalandira, koma ambiri amalipira wosindikiza ndi wojambula chikuto, mkonzi n'kumusiya pofuna kupulumutsa ndalama. Zotsatira zake ndi mabuku a nkhani zabwino zimene owerenga amazisiyira panjira. Mlembi wokonzekera kusindikiza ayenera kuwerengera malipiro a mkonzi pamodzi ndi mtengo wa mapepala ndi inki.