Sitima yanga inkagwa pakona: zomwe njanji ya ku Liwonde inandiphunzitsa

Amene munakulira ku Liwonde kapena ku Balaka mukuidziwa sitima ya malasha. Imachokera ku Moatize m'chigawo cha Tete, n'kudutsa pa Nkaya, kuwoloka Shire pa Liwonde, kenako kutulukira pa Nayuchi ulendo wa kudoko la Nacala. Njanji ya Nkaya mpaka Nayuchi inatsegulidwa mu 1970. Ine ndili Fomu 3 ndinaganiza zopanga kasitima kofanana nayo kuti ndikaonetse pa chionetsero cha sayansi cha kusukulu kwathu.

Thupi ndinapanga ndi malata a zitini, mawilo ndi zitsekerero za mabotolo, njanji ndi waya wokhuthala wokhomera pathabwa. Mota ndinachotsa m'kagalimoto koseweretsa. Pokongola kanakongola ndithu. Koma kakangofika pakona, phi! kali pansi. Kutatsala masiku anayi, ndinanyamula zonse kupita kwa malume anga, mmisiri wowotcherera zitsulo pa Balaka.

"Amalume, mota yangayi ikuthamanga kwambiri," ndinadandaula.

Iwo anangotenga rula. "Mphwanga, mota ilibe mlandu. Unayeza, kapena unangoyang'ana ndi maso?"

Ndinakhala chete. Apa m'pamene phunziro linayambira.

Vuto loyamba linali sikelo. Njanji za ku Malawi n'zotalikirana mamilimita 1,067, kuyeza kuchokera m'kati mwa chitsulo chimodzi kufika m'kati mwa chinzake. Ndi muyeso womwewo womwe uli ku Mozambique, Zambia ndi South Africa, pomwe maiko ambiri a ku Ulaya amagwiritsa ntchito mamilimita 1,435. Tinasankha sikelo ya 1:30, kutanthauza kuti chilichonse pa kasitima kanga chichepe ka 30 poyerekeza ndi chenicheni. Gawani 1,067 ndi 30, mupeza pafupifupi 35.6. Njanji yanga inali 34 pena, 38 pena. Mwina mukuti, "Aa, mamilimita awiri okha?" Chulukitsani ndi 30. Pa njanji yeniyeni ndiye kuti mwaphonya ndi masentimita 6. Tinadula kathabwa n'kuchekapo timipata tiwiri pa muyeso woyenera, ndipo waya aliyense tinkamukhoma ali m'timipatamo.

Ngakhale anthu ogula tisitima ta m'sitolo amakumana nazo zimenezi. Sikelo yotchuka ya HO ndi 1:87, ndipo njanji yake ndi mamilimita 16.5, chifukwa inawerengeredwa pa 1,435. Wofuna kutengera sitima ya kwathu kuno pa sikelo imeneyi ayenera kupeza njanji ya mamilimita 12, apo ayi mawilo amaoneka otangadza.

Vuto lachiwiri linali momwe ndinamangira mawilo. Onse ndinawalumikiza ku thupi mosasuntha. Chinthu chachitali chowongoka sichingatsate njira yokhota. Mutu wa sitima weniweni uli ndi mawilo m'magulu, ndipo gulu lililonse lili pa chimango chake chomwe chimatembenuka pansi pa thupi. Akatswiri amachitcha bogie. Musasokoneze ndi mabogi omwe timanena ife potchula ngolo zonyamula anthu ndi katundu. M'zimango zimenezi mumakhalanso mamota. Injini ya dizilo sizunguza mawilo mwachindunji ngati ya minibasi: imazunguza jenereta, magetsi ake n'kupita ku mamota aja. Ife tinapanga timatabwa tiwiri, kalikonse ndi mawilo anayi, n'kumangirira ku thupi ndi bawuti imodzi pakati kuti kazitha kutembenuka.

Vuto lachitatu ndi lomwe linandidabwitsa. Wilo la sitima si lofanana paliponse. Cham'kati, pafupi ndi mkombero wake, n'lalikulu pang'ono, chakunja n'locheperako. Mawilo awiri amalumikizidwa ku chitsulo chimodzi, choncho amazungulira limodzi. Pakona, njanji yakunja imakhala yaitali kuposa yam'kati. Mawilo aja amasunthira kunja pang'ono: lakunja limaponda ndi mbali yake yaikulu, lam'kati ndi yaing'ono. Pa kuzungulira kumodzi lakunja limayenda mtunda wokulirapo, ndipo sitima imakhota yokha popanda chiwongolero.

Yesani nokha. Tengani makapu awiri apulasitiki opyapyala kunsi, muwamate kukamwa ndi kukamwa, muwagubuduze pa timitengo tiwiri towongoka totsetsereka. Akapatuka amabwerera pakati. Kenako muwamate matako ndi matako. Muona akugwa asanafike kumapeto. Zitsekerero zanga zinali zosalala ngati chitini, ndiye malume anandisemera mawilo a mtengo otsetsereka pang'ono, okhala ndi mkombero cham'kati.

Chomaliza chinali kulemera. Mabatire ndinawaika pamwamba, pansi pa denga, chifukwa m'pomwe panali malo. Thupi la sitima n'lotambalala kuposa njanji yake kawiri ndi kupitirira, choncho katundu wolemera akakhala m'mwamba kamapendekera pakona. Tinawatsitsa n'kuwagoneka pakati pa magulu awiri a mawilo.

Tsiku la chionetsero kanazungulira kasanu ndi kawiri osagwa, mpaka mabatire anatha. Mphotho yoyamba anatenga mnzanga wina amene anapanga sefa ya madzi, koma aphunzitsi a fizikisi anatenga makapu anga aja n'kukaphunzitsira Fomu 4.

Ngati mukufuna kupanga yanu, yambani ndi rula ndi pensulo, utoto pambuyo. Lembani sikelo yanu papepala, muyeso uliwonse muugawe ndi nambala imodzi yomweyo. Koma chonde, musapite ndi tepi kukayeza njanji yeniyeni. Nambala ndakupatsani kale: 1,067. Sitima yodzaza malasha siima msangamsanga, ngakhale woyendetsa atakuonerani patali.