Mphunzitsi Pamphambano: Kutsala pa Boma Kapena Kukwera ku Misuku?

Pa misonkhano ya makolo dandaulo limodzi silisowa: aphunzitsi sakhalitsa kumudzi. Amabwera, ana n'kuyamba kuwazolowera, chaka chisanathe tikumva kuti apempha kusamuka. Ena mwa ife timafulumira kunena kuti aphunzitsi a masiku ano ngokonda moyo wa m'tauni. Tisanaweruze, tiyeni tione zimene mphunzitsi amalingalira akaima pamphambano.

Tiyerekeze mtsikana wina wa kuno ku Chitipa amene watsiriza maphunziro ake ku koleji ya aphunzitsi ya ku Karonga. Boma silinamulembe ntchito msanga, monga zakhala zikuchitikira anzake ambiri, choncho wayamba kuphunzitsa pa sukulu yoyima payokha pa Boma. Tsiku lina dzina lake latuluka: Boma lamulemba ntchito ndipo lamutumiza ku sukulu ya pulaimale ya m'mapiri a ku Misuku. Ayenera kusankha.

Zimene apeza uku ndi uko

Pa Boma ali ndi nyumba ya lendi yokhala ndi magetsi. Msika, chipatala chachikulu ndi banki zili pafupi, ndipo msewu wa tala umamufikitsa ku Karonga tsiku lomwelo. Ana m'kalasi ndi ochepa. Koma malipiro ake amadalira fizi imene makolo apereka ndiponso mtima wa mwini sukulu. Ana akachepa, ntchito ikhoza kutha. Lamulo la penshoni limati olemba ntchito azisungira antchito awo ndalama za paukalamba, koma si onse amene amalitsata.

Ku Misuku malipiro ndi a Boma. Ngakhale atachedwa, amafika. Kuli penshoni, kuli mwayi wokwezedwa pa ntchito ndi wopitiriza maphunziro. Koma funso loyamba la mtsikanayu lidzakhala lakuti: ndikagona kuti? Sukulu zambiri za kumudzi zili ndi nyumba zochepa kuyerekeza ndi aphunzitsi ake, ndipo m'midzi nyumba za lendi zimasowa. Nthawi ya mvula misewu ya m'mapiri imaterera, mtengo wa njinga yamoto n'kukwera. Akadwala usiku, kapena mwana wake akadwala, adzafika bwanji ku chipatala? Ngati ali ndi mwamuna wogwira ntchito pa Boma, banja ligawike pawiri? Amenewa si mafunso a munthu wonyada. Aliyense wa ife angawafunse.

Palinso nkhani ya chilankhulo, imene kuno kwathu ndi yaikulu kuposa m'maboma ena. Chitipa ili ndi anthu pafupifupi 235,000 malinga ndi kalembera wa 2018, koma zilankhulo zake ndi zambiri: Chilambya, Chisukwa, Chindali, Chinyiha, Chinamwanga, Chitumbuka ndi zina. Mwana wa Sitandade 1 ku Misuku amabwera ndi chilankhulo cha kwawo, mabuku ali m'Chingerezi ndi m'Chichewa, ndipo mphunzitsi mwina anakulira ku Nthalire kumene amalankhula Chitumbuka. Miyezi yoyamba mphunzitsi wotere amakhala ngati mlendo m'kalasi mwake momwe.

Kodi ali ndi ufulu wokana?

Inde, ali nawo. Ndime 29 ya Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 imapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito ndi kupeza zofunika pa moyo wake kulikonse m'Malawi. Akuluakulu akukumbukira kuti kale sizinali choncho. M'chaka cha 1989 boma la Dr. Kamuzu Banda linalamula kuti aphunzitsi akaphunzitse m'zigawo za kwawo, ndipo aphunzitsi ambiri a kumpoto anachotsedwa m'sukulu za pakati ndi kummwera. Panalibe wofunsidwa maganizo. Sitifuna kubwerera ku masiku amenewo.

Komabe wolowa ntchito ya Boma amavomera kupita kumene watumizidwa. Akafuna kusamuka amapempha kudzera kwa mphunzitsi wamkulu, kwa mlangizi wa maphunziro wa m'dera (PEA) ndi ku ofesi ya maphunziro ya pa Boma. Pempho lake liyenera kuyankhidwa poona chosowa cha sukulu ndi zifukwa zake zenizeni, osati poona kuti ndi mbale wa yani.

Tsono Malamulo omwewo, pa ndime 25, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linanena kuti mwana aliyense ayenera kupita ku sukulu ya pulaimale. Apa ndi pamene pali mfundo yovuta. Ufulu wa mphunzitsi wosankha ntchito ndi weniweni. Ufulu wa mwana wa ku Misuku, ku Wenya kapena ku Kameme wokhala ndi mphunzitsi ndi weniweninso. Mphunzitsi akakana kupita, palibe mlandu umene wapalamula, koma mwana uja adzalemba mayeso a Sitandade 8 ofanana ndi a mnzake wa pa Boma, tsiku lomwelo, mafunso omwewo.

Vutoli linachokera kuti?

Makalasi odzaza analipo kale, ndipo kalata ya Aepiskopi ya mu 1992 inadandaulapo za kuchepa kwa aphunzitsi ndi zipangizo. Koma zinthu zinakula mu 1994 pamene boma la Dr. Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulaimale. Chinali chinthu chabwino, ndipo ana a osauka analowa sukulu. Chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Boma linalemba mofulumira aphunzitsi zikwizikwi osaphunzira ntchito, n'kumawaphunzitsa ali kale m'kalasi. Nyumba zawo sizinamangidwe pa liwiro lomwelo.

Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi asapitirire ana 60. Koma kuchepa kwa aphunzitsi ndi mbali imodzi chabe ya vutoli. Mbali ina ndi kagawidwe. M'boma limodzi mungapeze sukulu ya pamsika ili ndi aphunzitsi ochuluka, pamene ya kuseri kwa phiri mphunzitsi mmodzi akuthamanga pakati pa makalasi awiri. Pofuna kukonza zimenezi Boma linayambitsa alawansi ya aphunzitsi a kumudzi. Cholinga chinali chabwino, koma m'kupita kwa nthawi sukulu zambiri zinawerengedwa kuti ndi za kumudzi, ngakhale za m'mbali mwa msewu, mwakuti wokhala kutali kwenikweni sanaone kusiyana. Munthu sangasiye magetsi ndi chipatala chifukwa cha ndalama imene mnzake wa pafupi ndi tauni akulandiranso.

Mbali yathu ndi iti?

Malipiro ndi msewu si za ife kukonza tokha. Koma nyumba ya mphunzitsi ili m'manja mwathu kuposa m'mene timaganizira. Komiti ya sukulu ndi bungwe la makolo ndi aphunzitsi zikhoza kuumba njerwa, kututa mchenga ndi kulemba pempho la simenti ndi malata kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) ndi ya m'dera (ADC) mpaka ku Khonsolo. Thumba la chitukuko la m'dera la phungu, la CDF, ndi ndalama za misonkho yathu, si mphatso ya munthu. Tili ndi ufulu wofunsa phungu ndi khansala kuti chaka chino zagwira ntchito yanji, ndipo nyumba za aphunzitsi zili pa nambala yanji.

Zina sizifuna ndalama konse. Mphunzitsi akafika, kodi amalandiridwa ndi ndani? Mfumu ikhoza kumubwereka kamunda. Amayi akhoza kumuonetsa kumjigo ndi kumuphunzitsa moni wa Chisukwa. Mphunzitsi wamkazi wosakwatiwa afunika nyumba yokhala ndi chitseko cholimba, pafupi ndi anthu, ndiponso kutetezedwa ku miseche ndi kwa amuna ovutitsa. Tivomereze kuti m'midzi ina aphunzitsi anachoka chifukwa cha kuberedwa, kuopsezedwa ndi ufiti, kapena kunyozedwa ndi makolo pamaso pa ana.

Ndipo ngati sukulu yathu ili ndi aphunzitsi ochepa, tisamangodandaula pa maliro ndi pamsika. Komiti iwerenge ana a kalasi iliyonse ndi aphunzitsi amene alipo, ilembe pa pepala, ipite nalo kwa PEA. Ifunsenso chiwerengero cha sukulu zina za m'dera lomwelo, kuti zidziwike ngati kagawidwe kali kolungama. Ofesi imamva manambala msanga kuposa madandaulo a pakamwa.

Pokambirana m'Mphakati mwathu, tiyambe ndi sukulu imene ana athu amapita. Ili ndi aphunzitsi angati, ndipo nyumba zawo ndi zingati? Mphunzitsi amene anachoka posachedwa anachoka chifukwa chiyani, ndipo kodi pali amene anamufunsa? Mtsikana uja akanakhala mwana wanu, mukanamulangiza kuti apite kuti?